Majekete pa Dzuwa la Okutobala

Ndikukumbukira bwino envulopu imene inayambitsa zonsezi, chifukwa ndikadali nayo. Ine sinditaya pepala. Ili m'sutikesi pamodzi ndi matikiti a basi a ulendo umenewo, ndipo amene angati ndikukokomeza abwere kuno ku Golomoti adzaone yekha. Ine Lusiyano ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, mlongo wanga Felista ali ndi zisanu, matipate atangoyamba kumene.

Envulopuyo inachokera kwa bambo anga aang'ono, a Sitefano, amene anapita kukaphunzira ku Jeremani n'kukhazikika komweko, mumzinda wa Hamburg. M'kati mwake munali chithunzi. Iwo, akazi awo ndi ana awo awiri anaima pabwalo lalikulu, kumbuyo kwawo kuli nyumba zosanja ndi madzi otumphukira m'mwamba. Anawo anavala majekete okhuthala ndi zipewa zaubweya, aliyense ali ndi ayisikilimu m'manja, nkhunda zikutolatola kumapazi kwawo. Kuseri kwa chithunzicho a Sitefano analemba kuti kumeneko Loweruka ndi tsiku la ana, makolo amapita nawo kokayenda mumzinda.

Bambo anga anali telala pakhonde la sitolo ina pamsika. Makina awo osokerawo ndi amene anaphunzitsa a Sitefano mpaka kumaliza sekondale, choncho mawu a kuseri kwa chithunzi aja anawamva ngati chitonzo. Anachiyang'ana chithunzicho nthawi yaitali, kenaka anauza amayi kuti nawonso ana awo si ana a nkhuku, apita nawo ku Lilongwe. Felista anafunsa kuti ku Lilongweko kuli chiyani. Bambo anamunyamula, n'kumuuza kuti kuli malo osungirako nyama zakutchire, ndipo kumeneko akaona nyalugwe wamoyo ali m'khola, akamuona ndi maso akewo. Ndinalipo ine pamene amalonjeza zimenezi. Palibe amene anawakakamiza.

Kuyambira tsiku limenelo Felista sankalankhula china. Anauza anzake onse a kumjigo, anauza ana a kutchalitchi, anauza ngakhale mayi wogulitsa zitumbuwa. Ankandifunsa ngati nyalugwe amaposa tonde wathu kukula, ngati amamva Chichewa, ngati angamuzindikire kuti wachokera ku Golomoti. Anzake ena ankamutsutsa kuti akunama, iye n'kumawauza kuti adikire, adzawafotokozera ngakhale kuchuluka kwa mawanga ake.

Bambo nawo anali ndi zawo zokonzekera. Anagula pakaunjika majekete awiri olemera ngati mabulangete, ndi zipewa ziwiri zaubweya, n'kuwachepetsa pamakina kuti atikwane. Amayi anawakumbutsa kuti uno ndi Okutobala, mwezi umene ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Bambo anayankha kuti amayi sadziwa za maulendo, ana a anthu akamapita kokayenda amavala chonchi, umboni wake ulipo pachithunzi.

Tinakwera basi m'mawa, kudzera ku Salima, majekete ali m'chikwama. Tinakonza zokagona kwa azakhali ku Kawale n'kubwerera m'mawa mwake ndi basi yoyamba, poti bambo anali ndi mayunifolomu a ana asukulu oti amalize. Tsiku lathu linali limodzi lomwelo, ndipo bambo ankadziwa zimenezo kuposa tonsefe.

Titatsika padepoti, Felista anakoka dzanja la bambo n'kufunsa kumene kuli nyalugwe. Anamuuza kuti tijambulitse kaye. Tinazungulira kumsika kufunafuna wojambula, ndipo titamupeza, mnyamata wovala magalasi akuda, bambo anamuonetsa chithunzi cha ku Hamburg n'kunena kuti akufuna chonga chimenecho ndendende. Iye anati malo otere ali ku City Centre kokha. Tinakwera naye minibasi mpaka kumeneko.

Dzuwa linali pamutu pamene bambo anatulutsa majekete. Anativeka okha, kumanga mabatani mpaka pakhosi, zipewa kuzikokera mpaka m'makutu. Anthu otuluka m'maofesi ankacheuka, ena kuseka poyera. Mayi wina anafunsa amayi ngati anafe tikudwala malungo. Amayi anangoyang'ana pansi.

Wojambulayo anatiimika patsogolo pa nyumba ina yaitali, kenaka anati dzuwa likumuthobwa m'maso, tisunthe. Tinasuntha. Anati apa mthunzi wachuluka. Tinasunthanso. Bambo anakumbukira za nkhunda, ndipo anatulutsa mpunga umene anaufutika m'kansalu kuchokera kunyumba, n'kuumwaza kumapazi kwathu. Tinadikira. Nkhunda sinabwere ndi imodzi yomwe. Kunabwera akhwangwala awiri, bambo n'kuyamba kuwathamangitsa ndi chipewa chawo, uku akutikalipira kuti tisasunthe pamene tayimapo. Felista anafunsanso za nyalugwe. Anamuuza kuti nyalugwe sathawa, ali m'khola.

Kenaka bambo anaimitsa mnyamata wa njinga wogulitsa ayisikilimu n'kugula awiri. Kunali koyamba kugwira chinthu chimenecho m'manja mwanga. Lamulo linali lakuti tisanyambite kufikira chithunzi chitajambulidwa, chifukwa wa ana a ku Hamburg anali wathunthu. Wojambula anatijambula kamodzi, n'kupeza kuti filimu yamuthera. Anati akagule ina, abwera posachedwa. Bambo anati tisanyambitebe, tisavule majekete poti anawakonza kale bwino, tisakhale pansi poti kapinga angatidetse. Tinaima choncho, ayisikilimu akuyenderera m'zala, kulowa m'manja mwa jekete, ntchentche zikutizungulira. Thukuta linkatsika kumsana kwanga ngati ndaima pansi pa denga lodontha. Mpaka lero ndikanunkhiza chovala cha pakaunjika chimene chakhala padzuwa, ndimakumbukira masana amenewo.

Munthu wamkulu, wa nzeru zake, wodziwa kuyeza thupi la munthu ndi maso okha, sanaone kuti mwana wake wasiya kufunsa. Ine ndinaona. Felista anangoti zii, milomo itauma, maso akuyang'ana patali. Wojambula uja akutulukira pakona, mwanayo anapinda mawondo n'kugwa chammbali.

Amayi sanakuwe. Anamunyamula kupita naye pamthunzi, anadula mabatani a jekete ndi dzanja limodzi, anamuthira madzi a m'botolo kumutu ndi pachifuwa, n'kumamukupiza ndi chitenje. Patapita kanthawi Felista anatsegula maso n'kumwa madzi. Amayi anandivula nanenso jekete, anatenga onse awiri pamodzi ndi zipewa n'kuwaunjika m'manja mwa bambo.

"Bambo a Lusiyano, nawa majekete anu. Ajambulitseni okha muwatumize ku Jeremani. Ine ndikupita ndi ana anga kokaona nyalugwe."

Sindinawamvepo amayi akulankhula motero kwa bambo, ngakhale kunyumba, nanji pagulu. Anabereka Felista kumsana, anafunsa njira kwa mayi wina wosesa, ndipo tinayamba kuyenda. Malowo sanali kutali, ndipo chimenechi ndicho chimandipweteka kwambiri. Tsiku lonse tinaima pafupi penipeni, mtunda wosaposa wa kuchokera kwathu kukafika kumjigo wa kusukulu. Bambo anatsala akukambirana ndi wojambula, kenaka anatitsatira chapatali, majekete ali pachifuwa.

Tinapeza mlonda akukoka geti. Anali bambo wachikulire waulemu wake. Amayi anamupempha, anamuuza kuti tachokera ku Golomoti, kuti mwanayu wakhala akudikira kwa masabata. Iye anapepesa, nati nthawi yakwana, wosunga makiyi a m'kati wapita kale, ndipo ngakhale atatitsegulira geti sitingafike kumakola. Anati tibwere mawa. Bambo anafika ali wefuwefu, nawonso anayesa kupempha, koma yankho linali lomwelo.

Felista anatsika kumsana, anagwira waya wa mpanda n'kusuzumira. Kunkangooneka mitengo ndi kanjira kolowera m'tchire. Anatembenuka n'kufunsa bambo ngati tibwerenso mawa. Bambo anayankha msangamsanga kuti eya, mawa m'mawa ndithu.

"Ayi," anatero amayi. "Mawa tikukwera basi yoyamba, mwanena nokha. Musamunamizenso. Muuzeni zoona, akumva."

Bambo anayang'ana amayi, anayang'ana mlonda, kenaka ananjuta pamaso pa mwanayo, majekete akadali m'manja. Anamuuza ndi mawu otsika kuti mawa sitibwera, tikupita kwathu, ntchito ikuwadikira. Ndinkayembekezera kuti Felista alira, ndipo zikanakhala bwino akanalira. Iye anangowayang'ana, nafunsa kuti, "Nanga anzanga aja ndikawauza chiyani, ababa?" 

Anzakewo anamudikiradi. Felista sankadziwa kunama, anawauza kuti anaona mpanda. Kuyambira pamenepo anamupatsa dzina lakuti Anyalugwe, ndipo linamumatirira mpaka anamaliza pulayimale. Ankabwera kunyumba atatupa maso, nthawi zina atang'ambika diresi chifukwa cha ndewu. Chithunzi chimodzi chija chinatuluka, azakhali anatitumizira, bambo n'kuchitumiza ku Hamburg. A Sitefano anayankha mokoma mtima, osadziwa kanthu, akufunsa ngati ku Malawi kwayamba kuzizira chotere masiku ano. Kalata imeneyonso ndili nayo.

Anthu amandiuza kuti ndiiwale, bambo anapita kale, ndipo anali munthu wabwino. Sindikana. Anatidyetsa, anatiphunzitsa, sanatimenyepo popanda chifukwa. Koma ubwino wawo sufafaniza tsiku limenelo, ndipo ndikalikumbukira mkwiyo umabwera ngati zachitika dzulo. Anatitenga kupita nafe mumzinda, koma maso awo anali kwa mng'ono wawo amene anali kutsidya kwa nyanja, osati kwa ana awiri amene anaima patsogolo pawo. Masiku ano ndimaona zomwezo kunyanja ndi m'matauni: ana ovekedwa bwino, oimikidwa apa ndi apo, akuuzidwa kuti aseke, kholo likuyang'ana pafoni kuti anthu ena aone. Ndimafuna kuwafunsa kuti kodi mwanayu mwamufunsa chimene wabwerera?

Chimene ndinaphunzira n'chakuti mwana sawerengera ulendo ndi mtunda umene wayenda, kapena zovala zimene wavala. Amawerengera ndi chimene unamuuza kuti akaona. Ukalephera, amakukhululukira, koma amasiya kutsamira pa mawu ako. Felista ankawakonda bambo mpaka tsiku lawo lomaliza, ndipo ndi iye amene anawadwazika. Koma kuyambira ulendo umenewo, bambo akamuuza kuti mawa amugulira nsapato, kapena kuti Lamulungu apita naye ku Mua, iye sankadumpha ndi chimwemwe monga kale. Ankatembenukira kwa amayi, bambo ali pomwepo akumva, n'kufunsa kuti, "Amayi, n'zoona?"