Chisa cha Uchi Chimene Ndinabera Mbalame

Mukandiona ndikuseka chonchi musayese kuti ndikupeka, ayi ndithu, izi zinandichitikira ine ndemwe, masanasana dzuwa likuswa mtengo.

Chaka chimene ntchito inandithera ku boma ku Chadiza, ndinabwerera kwathu ku Zingalume mutu utaima: chakudya osachifuna, anthu osawafuna, mtima kumangogunda ngati ndaba mbuzi. Amalume anga, amene amafula njuchi, anati mankhwala anga ali kutchire, ndipo ndinawatsatira monyinyirika, nanga munthu wozolowera tayi ndi mpando akatani kuminga?

Abale, tchire limaphunzitsa! Anandiuza kuti nditseke pakamwa ndizimvetsera, ndipo ndinayamba kumva fungo la mvula isanagwe, kusiyanitsa kulira kwa mbalame, mpaka kudziwa nsadzu, kambalame kaja kolondolera anthu kumene kuli njuchi. Mtima unayamba kukhala m'malo. Tsiku lina katatifikitsa pamphako yodzaza uchi, amalume anasiya chisa chonona pamwala, nati limenelo ndi gawo la kambalameko, sitinyamula. Ine ndi nzeru zanga za mu ofesi ndinabwerera mozemba n'kuchiponya m'ndowa. Uchi wabwinobwino kusiyira mbalame?

Patapita sabata ndinapita ndekha, ndikudziyesa katswiri. Kambalame kaja kanabwera kakulira, ine pambuyo ndikunyambita milomo, mpaka pachulu china. Nditangoti ndiwerame, mayo ine! Njoka ya mbobo inadzuka n'kuima, mutu kufika pachifuwa panga, m'kamwa muli bii. Miyendo inati tithawe, koma ndinakumbukira mawu a amalume akuti njoka imaluma wophupuluma. Ndinangoti njo, ndikupuma pang'onopang'ono, thukuta lili kamukamu, mpaka inatsika yokha n'kulowa kuuna.

Nditawafotokozera amalume, anaseka mpaka kugwira nthiti, nati anandiona ndikuba chisa chija, ndipo anafunsa ngati ku ofesi amatiphunzitsa kubera ndi mbalame zomwe. Nanenso ndinaphulika nako kuseka, koyamba chichokereni pantchito, misozi ili chuchuchu, ndipo ndinadziwa kuti ndachira.

Kaya kambalameko kanachitira dala, kaya zinangochitika, ine sindilimbana ndi munthu. Chimene ndimakhulupirira n'chakuti tchire limachiza amene amalipatsa ulemu. Inu mukapitako musakokolole zonse, siyaniko gawo la amene wakulondolerani, chifukwa si mbobo iliyonse imene imakhululuka.