Tsiku Limene Malume Sananyowetse Nsalu

Malume anga anagwira ntchito m'chipinda chodyera cha sitima imodzimodzi zaka makumi atatu ndi chimodzi. Sitimayo si yaikulu: matebulo khumi, ndipo alendo akachuluka amakwana makumi anayi. Imanyamuka Lachisanu m'mawa, kuzungulira zilumba, n'kubwerera padoko Lolemba. Anthu amaikwera kuti adye bwino, agone bwino, ajambulitse zithunzi mphepo ikuwaulutsa malaya. Palibe amene amaikwera kuti akafike kwinakwake.

Ine ndinalowa ntchito m'sitimamo nditangobwerako kunja, kumene ndinaphunzira za mahotela n'kugwirako ntchito zaka zisanu ndi ziwiri. Kwathu kunkandiyabwa. Ndinatha miyezi inayi pakhonde pa amayi ndikudandaula za fumbi, za mipope youma, za anthu osasunga nthawi, mpaka amayi anatopa nane n'kuimbira foni mlongo wawo. Malumewo ndiwo anakandilankhulira kwa eni sitima. Eniwo anali atsopano, atangoigula kumene, ndipo ataona mapepala anga sanandipatse thileyi ayi. Anandiika manijala woona za alendo. Ndiye kuti bwana wa malume.

"Palibe vuto, mphwanga," anatero malume tsiku loyamba akundionetsa pokhala mbale. "Pamaso pa alendo ndiwe bwana. Kuno kukhitchini ndiwe uja ndinkamupukuta mamina."

Anali munthu wamfupi, wa miyendo ya matewe, woyenda motangadza ngakhale pasimenti. Lachisanu lililonse ankaima pamwamba pa makwerero alendo akamakwera. Ena tonse tinkamwetulira n'kumapereka moni, iwo ankayang'ana mapazi. Amene wagwiritsitsa chitsulo madzi ali phee, amene akukwera akusuzumira pansi, amene wameza malovu kawiri asanafike pamwamba, onsewo malume ankawasunga m'mutu. Pofika masana aliyense anali ndi mpando wake. A m'mimba mofooka ankawakhazika pa matebulo apakati, pamene sitima sigwedezeka kwambiri. A mitima yolimba ankawapatsa a pazenera. Banja limene lakwera litayambana ankaliphatikiza ndi mlendo wolongolola kuti lisowe mpata. Bambo woferedwa amene wabwera yekha ankamuika pafupi ndi chitseko cha kukhitchini, kuti aliyense wodutsa azimulankhula.

Ndiye panali nkhani ya nsalu. Malume akaona kuti kukubwera mafunde, ankatenga jagi ya madzi n'kuwaza ndi dzanja pa nsalu za matebulo onse mpaka zichite chinyontho. Mbale ikakhala pa nsalu yonyowa imamatirira, siterereka. Ankachotsa matambula aatali n'kuika aafupi, ndipo supu ankauza akhukhi kuti athire m'makapu, theka lokha. Mafunde ankawadziwira pa matambula opachikidwa mozondoka pamwamba pa kauntala. Madzi a pansi penipeni akayamba kusuntha, ife tisanamve kalikonse m'mapazi, matambulawo ankayamba kukhudzana pang'onopang'ono.

"Ayamba miseche," ankatero malume, n'kupita kukatenga jagi.

Ine zonsezi ndinkaziona ngati zachikale. Ndinabweretsa zimene ndinaona kunja: nsalu zoyera zositidwa mpaka kuuma gwa, matambula a khosi lalitali, matebulo a pazenera kwa amene wawapempha osati amene malume awasankha. Supu ndinati izibwera mu bakuli limodzi lalikulu, weta aime nalo patebulo, manijala avundukule chivindikiro pamaso pa alendo kuti nthunzi ikwere. Alendo ankaomba m'manja. Malume sanatsutse chilichonse mwa izi, koma nsalu sanasiye kunyowetsa. Kawiri chaka chimenecho ananyowetsa mafunde osabwera, ndipo mlendo wina analemba m'buku la madandaulo kuti anadya nkhomaliro zigongono zili m'dambo.

Bukulo linakafika kwa Madamu, akazi a mwini sitima, amene ankayendetsa zonse za alendo. Lachisanu lina anakwera kudzadzionera okha, atatenga mwana wawo wamkazi, mkamwini, ndi kamdzukulu ka miyezi isanu ndi iwiri. Sitima isanachoke n'komwe padoko anandiitanira m'chipinda mwawo.

"Malume ako aja ndimawalemekeza," anatero akuvula magalasi. "Koma mlendo akaona nsalu yonyowa amafunsa. Akafunsa amachita mantha. Akachita mantha sabweranso, ndipo amauza anzake. Nsalu ikanyowa kamodzi kokha ulendo uno, Lolemba atsika ndi chikwama chawo. Ukawauze iweyo, poti ndi magazi ako."

Ndinawapeza m'kachipinda kosungira nsalu akupinda zopukutira m'manja. Ndinawauza monga ndinamvera, osachotsa osawonjezera. Manja awo sanaime.

"Ndamva, bwana," anatero.

Tinali awiriwiri, chitseko chotseka. Aka kanali koyamba kunditchula choncho popanda mlendo pafupi.

Kumtunda malume analibe zambiri. Akazi awo anamwalira kalekale, ana ali m'mizinda yawo, nyumba ankaigona masiku anayi pa sabata ngati mlendo. Ankanena okha kuti pansi posagwedezeka pamawachititsa chizungulire. Ndinkadziwa zimene ndawauzazo zikutanthauza chiyani kwa iwo, koma ndinadzitonthoza kuti ndi masiku atatu okha, ndipo nyengo inali yabwino.

Lachisanu linadutsa, Loweruka linadutsa. Lamlungu kunacha kotentha modabwitsa. Mphepo inaleka zii, madzi anasalala ngati mafuta, mbalame zimene zimatsatira sitima kudikira zotsala za kukhitchini sizinaoneke. Kutali kumene tinkalowera, m'munsi mwa thambo munali mzere wakuda, woonda, umene alendo ankaujambula poti unali wokongola.

Cha m'ma leveni koloko tikuyala matebulo, matambula a pakauntala anayamba. Kanali kaphokoso kakang'ono zedi, ngati wina akugogoda dzino ndi chikhadabo. Kankaleka, n'kuyambanso.

Weta wina amene tinkamutcha Wayilesi, chifukwa pakamwa pake sipankatseka, anaima ndi mafoloko m'manja.

"Akulu, azikazi anu aja ayamba kukunenani," anatero akuloza matambula. "Muwayankha kapena lero mwasala kudya?"

Malume sanaseke. Anatenga jagi, kuidzaza pampope, kuikhazika pakauntala, n'kuima pambali pake manja ali kumbuyo.

Ndinaimbira akaputeni pa foni ya pakhoma. Anati mphepo ya mkunthoyo aiona, koma tikhala titabisala kuseri kwa chilumba isanatipeze. "Ikafulumira ndi cha m'ma fili koloko. Dyetsani anthu, achimwene, musandiphunzitse ntchito."

Ndinawauza malume zimenezo. Anayang'ana matambula, kenako anandiyang'ana ine.

"Akaputeni akuona pamwamba pa madzi," anatero. "Chabwino, nsalu tazisiya. Koma supu ilowe m'makapu."

"Madamu akhala akuuza mkamwini wawo za bakuli lija kuyambira Lachisanu, malume. Lero ndiye tsiku lake."

"Ndiye asamuke pazenera. Mwana uja akhale pakati."

Izo ndinayesa. Ndinawapeza Madamu pamthunzi panja akumwa madzi ozizira, ndipo ndinazungulira nkhani mwaulemu wonse umene ndinaphunzira kunja: kuti pakati pali kamphepo kabwino, kuti dzuwa la pazenera lingamuwambe mwana. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Sitima yanga yomwe, ndikhale pakati ngati katundu? Akutuma ndi malume ako eti?"

"Ayi, Madamu."

"Ndiye kayaleni tebulo."

Nditabwerera malume anangoona nkhope yanga. Ananyamula jagi ija, kupita nayo kusinki, n'kukhuthula madzi onse pang'onopang'ono. Anaipukuta, kuibwezera m'kabati, n'kutseka.

Alendo analowa hafu pasiti thwelofu, onunkhira sopo, ofiira ndi dzuwa, akuseka. Chipinda chinali chokongola kuposa tsiku lina lililonse, ndisaname. Nsalu zinali mbee, matambula ataima ngati asilikali. Koma kuwala kolowera pazenera kunali kutasanduka kwachikasu, ndipo madzi a m'matambula sanali chilili: ankapendekera mbali imodzi, n'kubwerera, n'kupendekeranso. Alendo sanaone. Maweta onse anaona.

Tebulo la Madamu linali la Wayilesi sabata imeneyo. Akhukhi atatulutsa bakuli, lodzaza mpaka m'khosi, likuwirabe m'mbali, Wayilesi anakulunga nsalu m'manja kuti alinyamule. Malume anamugwira pamkono.

"Lero tebulo limenelo ndi langa."

"Akulu, ndi ukalamba wanuwu? Likulemera ngati ng'ombe ili."

"Kaperekeni buledi, bambo."

Anatuluka nalo, ine pambuyo pawo, poti kuvundukula inali ntchito yanga. Kuchokera pachitseko cha khitchini kukafika pazenera ndi masitepe khumi ndi asanu. Malume anayenda motangadza kuposa masiku onse, zigongono zitamatira m'nthiti. Tili pakati, sitima inapendekera kumanzere, mwaulesi, ngati munthu wotembenuka m'tulo. Mipeni ndi mafoloko zinayenda pa nsalu zouma zija ndi kaphokoso kofewa. Tambula imodzi inagwa n'kusweka, wina anaseka.

Tinafika. Madamu anali chakuzenera, mkamwini moyang'anana nawo, mwana wawo wamkazi kunjira, khanda lili pamiyendo likuseweretsa supuni. Malume anaima pafupi ndi mayi wa khandayo, poti panalibe pena poima.

"Musavundukule, bwana," anatero chapansipansi.

Madamu ankandiyang'ana akumwetulira, mkamwini atakweza foni kuti ajambule. Ndinavundukula.

Funde lachiwiri silinali laulesi. Pansi panatsika, zenera lonse linadzaza madzi obiriwira, ndipo ndinaona supu ikukwera m'mphepete mwa bakuli mbali ya khanda lija. Malume analikokera pachifuwa chawo, kulikumbatira ndi mikono yonse iwiri, n'kutembenuka kupatsa tebulo msana. Supu inawakhuthukira m'manja mwa jekete, pamimba, m'zala. Sanakuwe. Anagwada pansi ali chikumbatire, ndipo sanalisiye mpaka sitima itabwerera mbali inayo. Pamenepo mpamene analikhazika pansi bwinobwino, ngati lingasweke.

Chipinda chonse chinali mbale zosweka ndi anthu ogwirana. Khanda linkalira chifukwa cha phokoso chabe, silinadonthedwe ngakhale dontho. Wayilesi ndi akhukhi anawakokera malume kukhitchini, kudula jekete ndi sizasi, n'kuwaviika mikono m'sinki. Khungu la dzanja lamanja linatsala pa nsalu ya jekete. Ine ndinazindikira patapita nthawi kuti chivindikiro chija ndikadali nacho m'manja.

Namondweyo sanathe ngakhale ola limodzi. Pofika fili koloko tinali kuseri kwa chilumba, dzuwa likuwala, alendo akusimbirana zimene aona.

Ndinapita kukawaona m'kachipinda kawo, kamene bedi lake limagunda makoma onse awiri. Anali chagada, mikono itakulungidwa mabandeji mpaka m'zigongono, thukuta lili kamukamu.

"Nsalu sindinanyowetse," anatero. "Madamu wawauza?"

"Aona okha, malume."

"Ndiye Lachisanu ndilipo."

Lolemba padoko panabwera galimoto ya Madamu yomwe kudzawatengera kuchipatala. Madamu anawagwira paphewa pamaso pa antchito onse, misozi ili m'maso, n'kunena kuti mdzukulu wawo adzakula akudziwa za bambo ameneyu, ndipo akachira malo awo adzawapeza. Lachitatu adokotala anandiuza kuti zala zitatu za kumanja sizidzapindikanso bwino. Ndinawaimbira Madamu kuwauza zimenezo. Anati supu ibwerere m'makapu, Wayilesi akayezetse jekete ya mkulu wa maweta m'malo mwa malume, ndipo malume awatumizira kalata yothokoza ndi kangachepe. Anati kuwauza ndisafulumire, ndidikire kaye apeze bwino.

Sindinafulumire. Lachisanu m'mawa ndili pamwamba pa makwerero kulandira alendo, mlonda wa pageti anabwera kudzandinong'oneza kuti pansi pali bambo amene dzina lake palibe pa pepala la antchito.

Anali malume, atameta ndevu, nsapato zopolishidwa, mabandeji atsopano. Chikwama chinali pakati pa mapazi awo. Mnansi wawo ndiye anawanyamulira kuchokera kunyumba, n'kubwerera. Ndinatsika, alendo akundipanikiza pokwera. Ndinawauza zonse nditaima pamenepo, za zala, za Wayilesi, za kalata. Anamvetsera mutu uli chowerama, akugwedeza pang'ono monga ankachitira mlendo akamaitanitsa chakudya.

"Wayilesi aziphunzira kutseka pakamwa patebulo," anatero.

Anayang'ana kugeti, kumsewu kumene magalimoto ankadutsana.

"Mphwanga, basi ya kwathu Lachisanu m'mawa imaima pati?"

Sindinkadziwa. Iwonso sankadziwa, poti pa zaka makumi atatu ndi chimodzi anali asanachokepo padoko Lachisanu m'mawa kulowera kumtunda. Ndinati adikire ndifunse mlonda, koma hutala ya sitima inalira, ndipo amalinyero anali atagwira kale zingwe za makwerero akundiyang'ana. Ndinakwera.

Sitima ikutembenuka ndinawaona akuwerama, akuyesa kukola lamba wa chikwama ndi chigongono.