Tsiku Limene Ananditcha Rar

Chaka changa choyamba ku Glasgow ndinkakhala ku Pollokshields, nyumba imodzi ndi mnyamata wa ku Romania, woyendetsa basi. Ku kwaya ya kutchalitchi kwathu kunali namwino wa ku Sweden amene ndinkangomusirira patali.

Lamlungu lina kunagwa chimvula, ine n'kumupatsa ambulera yanga. Anamwetulira nati, m'chinenero chakwawo, "Du är så rar." Mawu enawo anandidutsa. Ndinangogwira lomalizalo, rar, n'kumalibwereza m'sitima njira yonse, madzi akuchucha m'makutu.

Nditafika ndinafuula ndili pakhomo. "Aise, wanditcha rar! Wamva? Rar!"

Mnzangayo anasiya supuni, n'kuyang'ana pamutu panga, pamene dazi linali litayamba kale ntchito yake. Anaseka mpaka kukhala pansi.

"Liwu limenelo ndi lathunso," anatero. "Kwathu rar ndi chinthu chomera patalipatali. Tsitsi ngati lakoli. Chikakhala chachikazi timati rară, zikachuluka rari kapena rare. Pepa, m'bale wanga."

M'mawa mwake ndinakagula chipewa chaubweya, chofika m'nsidze.

Lamlungu lotsatira ndinaimba nditavala chipewacho, thukuta lili kamukamu. Titatuluka, namwino uja anandibwezera ambulera n'kufunsa ngati ndikudwala.

"Ayi. Kungoti munanena za tsitsi langa."

"Ine? Liti?"

Nditafotokoza, anagwira pakamwa, misozi n'kutuluka ndi kuseka. Anati kwawo rar ndi munthu wokoma mtima, wosangalatsa kukhala naye. Pa zinthu zina amati rart, akachuluka anthu otere amati rara. Liwulo, anatero, ndi la Chilatini, rarus, kutanthauza chosowa, chosapezekapezeka. A ku Romania analisunga momwemo, koma akwawo anaona kuti chosowa ndiye chamtengo wapatali.

"Ndiye ine ndine wosowa?"

"Vulani kaye chipewacho ndione."

Ndinavula pamaso pa amayi a mvano onse. Iye anapendeketsa mutu, n'kunena kuti matanthauzo onse awiri akundiyenera, ndipo kodi ndingakonde kukamwa naye tiyi?

Tinamwa tiyi mpaka eni sitolo anayamba kukweza mipando pamatebulo. Pobwerera ndinaimba tenala m'sitima mokweza ndithu, gogo wina wachizungu n'kumandiombera m'manja, ndipo ndinazindikira mochedwa kuti siteshoni yanga ndaipitirira kalekale.