Mayeso a Uchizi kuseri kwa khola

Mlamu wanga Uchizi anabadwa chaka cha referendamu, ndipo amayi ake amati n'chifukwa chake savomera chinthu asanachifunse kawiri. Kwawo ndi ku Nthalire. Mayeso a fomu folo analemba katatu, kenako anakolopa zaka zinayi pachipatala china ku Boma, maso ali pa manja a anamwino akamabaya jakisoni. Mchimwene wanga Elias anamupeza kumeneko n'kumubweretsa kwathu ku Wenya. Ine, Mabel, sindinamukonde kuyambira tsiku loyamba. Munthu wofatsa mopitirira muyeso ndimamukayikira.

Mu 2019 anamutenga kukoleji ya unamwino ku Mzuzu. Chaka chotsatira Kovidi anatseketsa sukulu, ndiye anabwerera kumudzi ndi chikwama cha mabuku. Elias anali ku Tunduma, kumene amagulitsa nyemba, ndipo ankabwera mwa apo ndi apo. Patapita miyezi ingapo, akukoleji analengeza kuti maphunziro apitirira pafoni.

Uchizi sanawakhulupirire maphunziro amenewo. Ankati namwino wophunzirira pafoni adzafunafuna mtsempha wa wodwala mpaka wodwalayo kuthawa. Jakisoni ankayeserera pa thunthu la nthochi, n'kumadandaula kuti nthochi silira, ndiye adziwa bwanji kuti walakwitsa. Anzake a m'tauni ankawaganizira kuti amalemba mayeso mabuku ali chitsegukire pamiyendo. Aphunzitsi nawonso, malinga ndi iye, ankaona ophunzira onse ngati mbava. Komabe sankajomba, chifukwa lamulo linali lakuti wolephera mayeso a kumapeto abwereza chaka, ndipo wobwereza amutaya pa chithandizo chimene chinkamulipirira sukulu.

Vuto linali netiweki. Mudzi wathu wonse imagwira pamalo amodzi, pachulu cha kuseri kwa khola la ng'ombe la adada, bambo athu. Koma kwathu mkamwana, mkazi wa mwana wako, sayang'anizana ndi apongozi ake aamuna. Sawalankhula, ndipo akakumana nawo panjira amapatukira patchire. Choncho Uchizi ankadikira adada apite kumunda wa mawere, iye n'kuzemba ndi foni yake mpaka pachulupo.

Kuzembako ndi kumene kunandipweteka mutu. Tsiku lina ndikuchokera kumjigo ndinamuona atakhala pachulu, foni pafupi ndi khutu, akumwetulira. Ndinamva mawu a mwamuna, a Chingerezi chosalala. Nditamufunsa anati ndi aphunzitsi. Ine ndinaseka. Mphunzitsi wanji wophunzitsa mkazi wa mwini kuseri kwa khola? Amayi anandiuza kuti ndisiye kukumba zinthu, koma ndinawayankha kuti galu wamkota sakandira pachabe. Ndinakawauza adada zonse, n'kuthirako ndi mchere pang'ono.

Adada sanakalipe. Anangoti Lachinayi sapita kumunda, akufuna amve okha. Kuti Lachinayilo linali tsiku la mayeso a pakamwa, ndinkadziwa, pakuti Uchizi anakhala sabata yonse akuloweza mayina a mafupa pochapa.

Dzuwa litakwera, Uchizi anatulukira ndi kope m'manja n'kupeza adada atakhala pampando wawo pafupi ndi chulu, akusoka chingwe cha goli. Anaima, n'kubwerera masitepe awiri. Nthawi inali itakwana. Anadziphimba kumutu ndi chitenje, n'kuyenda chammbali mpaka pachulu, kenako anagwada atawafulatira. Ine ndinaima pachipata cha khola, manja m'chiuno, kudikira kuti ayaluke.

Foni inalira, ndipo inali ya kanema. Mwamuna uja anamuuza kuti achotse chitenje aone nkhope, ndipo anachotsa. Anamufunsa za kuthamanga kwa magazi kwa mayi woyembekezera, iye n'kuyankha osapunthwa. Funso lachiwiri linali la mwana wotsegula m'mimba. Apo ndinayamba kudzikayikira, chifukwa Chingerezi cha fomu thu ndili nacho, ndipo munalibe mawu a chibwenzi ngakhale amodzi.

Kenako adada anatsokomola. Mphunzitsi anafunsa kuti ndani ali kumbuyoko, n'kulamula kuti azungulitse foni aone malo onse. Uchizi anazungulitsa atatsinzina. Mwamunayo ataona mkulu atakhala chapafupi, mawu ake anasintha. Anati ophunzira ambiri akumabisa anthu owanong'oneza mayankho, ndipo anamupatsa mphindi imodzi kuti amuuze munthuyo achoke.

Uchizi anayesa kufotokoza kuti ndi apongozi ake, ndipo sangawalankhule. Mphunzitsiyo, yemwe mwa kalankhulidwe anali wa kummwera, anati zodzikhululukira wamva zambiri chaka chino, koma iyi yokha ndi yatsopano. Adada Chingerezi samva. Anapitiriza kusoka chingwe chawo, makutu ali tcheru kudikira mawu achikondi.

Uchizi anatembenuza mutu n'kundiyang'ana.

“Mulamu, chonde, ŵaphalireni adada,” anatero motsitsa mawu, kundipempha kuti ndiwauze.

Kunali kungonena kuti adada tasunthani, basi. Koma kutero kunali kuvomera pamaso pa onse kuti ndinanama. Ndinayang'ana ng'ombe. Mphindi ija inatha, foni inadulidwa.

Uchizi sanalire. Anatola kope lake, anadziphimbanso kumutu, n'kutsika chammbali monga anabwerera. Kalata inadzabwera yoti wapezeka ndi munthu womuthandiza pamayeso. Anadandaula kawiri, koma anamuyankha kuti umboni ulipo pa kanema. Chithandizo chinatha, ndipo lero akukolopanso ku Boma kuja. Tikakumana amandipatsa moni ndi ulemu wonse, ndipo ulemu umenewo umandiwawa kuposa kutukwanidwa.

Tsiku la mayeso lija, Uchizi atangochoka pachulu, adada anandiitana n'kufunsa kuti mwanalume wa pafoni uja amati chiyani. Ndinawamasulira zonse, mafunso a mayi woyembekezera, za mwana, mpaka za mphindi imodzi ija. Anaika chingwe pansi.

“Ndiye iwe unamva zonsezo,” anatero, “n'kundisiya nditakhala?”