Timu inapambana, njinga ya mjomba inapita

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi mjomba wanga, Che Saidi, mlongo wawo wa mayi anga, amene ankapalasa kabaza pa Balaka. Nditamaliza Fomu 4 ndinangokhala kwathu ku Nsanama, kuthandiza mayi kugulitsa tomato. Mjomba ankanyamula m'mawa uliwonse manijala wa shopu ina yobetchera pafupi ndi depoti, ndipo tsiku lina ali panjira anawauza kuti mwana wa mlongo wawo ndi wakuthwa pa masamu. Sabata yomweyo ndinakwera minibasi.

Ntchitoyo sinali yovuta kuiphunzira. Ndinkakhala kuseri kwa windo la waya, kasitomala n'kutchula manambala a masewero, ine n'kulowetsa mu kompyuta, kaprinta n'kulavula tikiti. Wobwera kudzatenga ndalama ndinkadutsitsa tikiti yake pa sikana: chobiriwira wadya, chofiira waluza. Magetsi akathima ndinkathamangira kukaliza jenereta. Ndinkachenjezanso anthu kuti asasiye tikiti padzuwa chifukwa zilembo zake zimafufutika.

Mpira wa miyendo ukachepa, manijala ankakankhira anthu ku basiketibolo ya ku Amereka. Osewera ake panalibe amene ankawadziwa, ndipo ankasewera ife tili mtulo. Ndiye bamboyo anagula bolodi ndi choko, n'kundilamula kuti m'mawa uliwonse ndizilemba matimu amene apuma masiku angapo mbali imodzi, ndi amene asewera dzulo lake n'kuyendanso ulendo wautali mbali inayo. Ankati anthu a kuno basiketibolo saidziwa, koma kutopa amakudziwa.

Analasa. Akabaza ankaunjikana pabolodipo n'kumagwirizana kuti munthu amene dzulo wapalasa mpaka ku Ulongwe ndi matumba a chimanga sangapikisane ndi wogona tsiku lonse. Ine, wogwira ntchito Lamulungu mpaka Lamulungu, ndinkalemba mosamala za kupuma kwa anyamata ataliatali olemera amene sadzamva n'komwe dzina la Balaka. Zinkandiwawa.

Posakhalitsa ndinaona pamene panali msampha. Kampani nayo imadziwa kuti timu yapuma, ndipo imadziwa ife tisanadzuke. Timu yoteroyo imapatsidwa maodzi, nambala yochulukitsira ndalama yako, ochepetsetsa, moti ukaibetchera kuti ingopambana, phindu lake ndi la mandasi. Wofuna zambiri amasankha handikapu, kutanthauza kuti timuyo ipambane ndithu, komanso isiye anzake ndi mapointi ochuluka amene kampani yaika. Zimenezi pabolodi sizinkalembedwa. Nditayesa kufotokozera kasitomala wina, manijala anandidula: "Ino si sukulu, mtsikana iwe. Taona mzerewo."

Tsiku lina masana mjomba analowa opanda njinga. Njinga zamoto zinali zitawalanda makasitomala, ndipo iwo ankafuna yawoyawo. Anali ataika njinga yawo pa pinyolo kuti abetchere timu ina imene inapuma nthawi yaitali, yomwe inkakumana ndi yotopa. Ataona kuchepa kwa maodzi anakwinya nkhope. Manijala anatuluka mu ofesi, n'kuwagwira paphewa ngati m'bale wawo, n'kuwalozera handikapu. Anangowauza kuti ndi timu yomweyo koma ndalama zambiri.

Ndinawanong'oneza mjomba m'Chiyao kuti asatero, kuti kupambana kokha sikukwanira. Anaseka. "Pabolodipo si dzanja lako, mwanangu? Iwe sungandinamize." Manijala anali ataima pambuyo panga. Kaprinta kanalira.

M'mawa mwake mjomba anafika ndi anzawo a pa siteji, atamva kale pa foni ya wina kuti timu yawo yapambana. Anavala kofia yawo ya Lachisanu. Ndinadutsitsa tikiti pa sikana, n'kutuluka chofiira. Timuyo inatsogola kwambiri, koma chakumapeto kochi anakhazika pansi akatswiri ake kuti apumire masewero otsatira, otopa aja n'kuyandikira. Inapambanabe, koma ndi mapointi ochepa, osafika amene kampani inaika.

"Apambana kapena sanapambane?" anandifunsa mjomba.

Ndinati apambana, koma tikiti yaluza. Anandifunsanso chimodzimodzi, mawu atatsika. Anzawo anayamba kuchita phokoso, ndipo manijala anatuluka akutokosa m'mano.

"Bolodi likuti timu yapuma. Pali pamene palembedwa kuti mudya? Ngati simunamvetse, funsani mwana wanuyo. Wolemba ndi iyeyo."

Sindinakwiyepo chonchija m'moyo mwanga. Munthu amene anagula choko, amene ananditseka pakamwa, amene anawagwira mjomba paphewa dzulo lake, anandiponya kutsogolo ngati chiguduli chopukutira matope. Ndinayankha pamaso pa onse kuti handikapu anawasankhira ndi iyeyo. Anangoti ndikafuna ntchito ndikhale pansi, ndipo anabwerera mu ofesi.

Mjomba sanatukwane. Anapinda tikiti ija bwinobwino, n'kuiika m'thumba la malaya, n'kutuluka wapansi. Tsiku lowombola njinga linadutsa. M'mawa wotsatira manijala anabwera ku ntchito atakwera kabaza wina, wamoto.

Ndinasiya ntchitoyo mwezi utatha. Pano ndimagulitsa mu shopu ya mbewu ndi feteleza ku Liwonde, ndipo bwana akandiuza kuti ndilembe chinthu pabolodi, ndimayamba ndafunsa zimene sizilembedwapo. Ngati sandilola kuzinena pakamwa kwa wogula, choko ndimamubwezera. Ena amati ndine wamwano, ndipo sinditsutsa.

Mjomba amakankha wilibala mumsika wa Balaka. Tikakumana amandipatsa moni mwaulemu wonse, n'kufunsa za mayi. Koma amanditchula dzina langa basi. Mawu oti mwanangu sindinawamvenso.