Tsiku limene tinaika Ganizani wa njinga

Ndinadzuka tambala asanalire, utsi wa pa siwa uli m'maso. Achimwene anga anali gone pamphasa m'nyumba ya amayi, mukomboni ya pulazi ya fodya kufupi ndi Mvurwi, kutali ndi kwathu ku Nyasalande. Anabwera kuchokera ku tauni ali ndi chifuwa, ndipo sanathe nafe mwezi.

Dzina lawo lenileni ankalidziwa ndi ochepa. Onse ankati Ganizani, munthu wa m'sewero la pawayilesi amene achimwene ankamuyankhulira m'zaka zija za Chitaganya. Ganizani anachoka ku Nyasalande ndi bulangete lokha, nalowa ntchito papulazi, nagula njinga ya belu. Sewero lililonse linkatha ndi belulo. Amuna ambiri a mukomboni mwathu anasiya kwawo atamva belu limenelo.

Kunacha ndi mvula yowaza. Amayi a mpingo anasonkha moto pansi pa malata, anthu a mapulazi oyandikana anafika atafunda masaka. Folomani anabwera ndi mawu a bwana: fodya wapsa m'munda, simbi, chitsulo choitanira antchito, ikalira masana aliyense akathyole. Kuchokera ku wayilesi sikunabwere munthu, ngakhale kalata.

Dzuwa litakwera ndinamva kuti manda sanayambe n'komwe. Kwathu mbale sakumba manda a mbale wake, imeneyo ndi ntchito ya adzukulu. Ndinawapeza atakhala pachulu, makasu ali pansi. Wamkulu wawo, mdala wa zala zakuda ndi utomoni wa fodya, sanandiyang'ane.

"Mai, ife tinabwera kuno ndi mawu a mukoma, mchimwene wanuyu. Zaka naini, njinga ili kupi? Amukumbire azungu akewo."

Sindinawatsutse, chifukwa sananame. Koma ndinapsa mtima. Mawu aja ankawalembera azungu a ku wayilesi, achimwene ankangowerenga, ndipo olembawo tsiku limenelo anali pouma. Ndinamanga nsalu m'chiuno, ndinatola khasu, ndinayamba kukumba ndekha, ine mkazi, mlongo wake wa malemu. Ndinatema kanayi. Mdala uja anandilanda khasu, nati ndisawachititse manyazi pamaso pa mizimu.

Anakumba, koma nthawi inali itatha. Dzenje linangofika m'chiuno, madzi akulowa. Tinanyamula bokosi la matabwa a mabelo a fodya kudutsa kuseri kwa mabalani. Adzukulu, amene mwambo umawalola kuseka maliro, ankayerekeza mawu a achimwene njira yonse, wina akuliza belu ndi pakamwa. Ena anaseka. Ine ndinangoyang'ana matope.

Simbi inalira m'busa asanathe pemphero. Anthu anathira dothi mothamanga, namwazikira kumunda. Mtumbira tinaumaliza ndi manja, ine ndi amayi.

Madzulo m'nyumba munali zii, mphasa itapindidwa pakhoma. Amayi anatsegula kawayilesi kamene achimwene anawasiyira, ati mwina alengeza za imfayo. Sanalengeze. Anaika sewero lojambula kale, ndipo Ganizani analowa akuseka, wathanzi, akuitana anyamata a kumudzi kuti abwere kupulazi. Amayi anamuyankha kuti, "Ndakumva, mwanawe." Kenaka belu linalira.

Belu limenelo ndimalidziwa. Tinalipeza m'sutikesi ya malemu, lokhomera pa kathabwa. Achimwene sanakhalepo ndi njinga.