Wamkulu Ayambe Kuwelenga

Ndimakumvabe kulila kwa njinga ya a Zimba, tswii tswii, ikufika pamzikiti wathu ku Lundazi. Bambo amenewa ndi amene anathamangitsa agogo ondilela, a NyaBanda, pamalo awo ogulitsila mtedza wa nshawa mumsika. Tsopano a Zimbawo anafuna kuphunzila Chiarabu, kuti aziwelenga okha pemphelo la malemu akazi awo.

Maphunzilowo ndinakonza ndine, zilembo zitatu patsiku. Koma nditaona dzina lawo pamndandanda wa ophunzila ndinawonjezela lamulo laulemu: wamkulu ayambe kuwelenga mokweza, tsamba lonse la buku lophunzilila.

Masiku anayi anachita chibwibwi, thukuta lili kamukamu, anzawo akuseka. Ine mphunzitsi wolemekeza akulu ndinkangoonelela, ndikumva kukoma.

Lachisanu anandiyandikila. "Mdzukulu wa a NyaBanda, ulemu wanuwu ndauona."

Anandibwezela buku lija ndi manja awili, nakwela njinga.